Musadzanyozenso Corkscrew ine ndili pomwepo

Mtima wanga sunazizirebe chichokereni ku Alton Towers, malo amasewera a ku Staffordshire, Loweruka lija. Tinatenga ana a kumpingo kwathu, ife Amalawi a kuno ku England, kuti akasangalale. Tisanalowe n'komwe, pakhomo paja pamene anaimika zitsulo zopiringizika za Corkscrew, sitima yamasewera yozondotsa anthu imene inasiya kugwira ntchito, mnyamata wina wa m'gulu lathu, ndevu zikumera kumene, analoza n'kuti, "Chiphapha ichi akusungiranji? Bwenzi atagulitsa kwa ogula zitsulo." Anzake kufa nacho chiseko.

Chiphapha? Iwe mwana iwe! Chimene ukuchinyozacho ndicho chinamanga malo amene wadzera m'mawa kudzasangalalako.

1980 isanakwane, kumeneku kunali chinyumba chakale cha mabwana a ku Shrewsbury, minda ya maluwa ndi timasewera tochepa. Wamalonda wina, John Broome, ndiye anabweretsa Corkscrew, yopangidwa ndi kampani ya Vekoma ya ku Netherlands, n'kuitsegulira mu Epulo 1980. Anthu anakhamukirako ngati kwagwa njovu, kuima pamzere maola ambirimbiri kuti azondoke kawiri mutu pansi miyendo m'mwamba. Dzina la Alton Towers linamveka dziko lonse chifukwa cha chitsulo chachikasu chimenecho. Sitima zinazo, Nemesis ya 1994, Oblivion ya 1998, Smiler ya 2013 imene mumadzitama nayo kuti imazondotsa maulendo 14, zonsezo zinapeza khomo litatsegulidwa kale. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Ndipo amene akusekayo ungamufunse kuti chinkayenda bwanji, angayankhe? Kukamwa yasa! Sitima ya Corkscrew inalibe injini. Tcheni chinkaikoka pang'onopang'ono, gwe gwe gwe, mpaka pamwamba pa mamita pafupifupi 23, kenako n'kuisiya. Basi. Kuchokera pamenepo njanji yonse yopitirira mamita 700, kutsika, kukhota, kupiringizika kawiri, mpaka kubwerera posiyira, inkayenda ndi kulemera kwake kokha. Wina anakhala pansi n'kuwerengera kuti liwiro lisachepe sitima n'kuima anthu ali chizondokere, lisachulukenso n'kuwathyola makosi. Njanji yake ndi ya mapaipi achitsulo, mawilo amaigwira pamwamba, m'mbali ndi kunsi, kuti ngakhale itazondoka isachoke. Ndimafuna anyamata aja akanayandikira aone mmene mapaipiwo anawapindira, mopanda kuthyoka pena paliponse, m'malo mochita phokoso.

Musaganize kuti kuzondotsa munthu n'kumubweza wamoyo chinali chinthu chapafupi. Ku Coney Island, ku America, anayesa mu 1895 ndi Flip Flap Railway. Njanji yake inazungulira ndendende ngati mkombero, ndipo anthu ankatsika makosi akuwawa. Nzeru imeneyo inagona zaka zambiri mpaka kampani ya Arrow inatsegula Corkscrew yake ku Knott's Berry Farm ku California mu 1975. Patangopita zaka zisanu ya ku Staffordshire inali itaima. Ndiye wina wobadwa dzulo, amene sanamangepo ngakhale khola la nkhunda, azitcha zimenezo chiphapha?

Inde, m'zaka zake zomaliza inkagwedeza. Ndinaikwerako nditangofika kuno, makutu anga anamenyetseka pa chotchingira cha m'mapewa chija mpaka kutentha. Inakalamba, zatsopano zinabwera, anaitseka mu Novembala 2008 ndipo pamalo pake anamangapo sitima ina yotchedwa Thirteen. Palibe akukana. Koma inanyamula anthu zaka 28. Zaka 28! Ambiri mwa oseka aja sanakwanitse n'komwe zaka zimenezo padziko. Eni malo anaona kuti si chinthu chotaya, anadula mipiringizo iwiri ija, kuipaka utoto, kuiimika pakhomo kuti aliyense wolowa aione kaye. Azungu eni ake akuchilemekeza, ife alendo obwera dzana ndiye tizichiseka? Manyazi bwanji!

Chikundiwawa kwambiri si mwanayo ayi. Ndi makolo amene anali pomwepo, ena akuseka nawo, ena maso ali pa foni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Mwanawe, funsa kaye usananyoze." Timalera ana oganiza kuti chilichonse chimene chinalipo iwo asanabadwe n'chachabechabe, mawa adzatinyozanso ife tomwe tikadzayamba kuyenda ndi ndodo, ndiye tizidzadabwa kuti anazitenga kuti.

Ndi makolo omwewonso amene masana ndinawaona akukankha ana awo kuti alowerere pamzere, ati "mnzathu watisungira malo kutsogoloko." Mnzanu uti? Anthu aima padzuwa ndi ana ang'onoang'ono, inu mukungodutsa osapepesa n'komwe. Ulendo winawo mudzapite nokha, ine sindidzakwera nanu basi imodzi.