Chenjezo kwa Amalawi okwatira ndi okwatiwa kuno ku Harare pa nkhani ya malo okhala

Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi tinasonkha ndalama zothandizira mnyamata wina wa kwathu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito n'kukwatira mwana wa konkuno. Nyumba imene anamanga chakumadzulo kwa mzinda inalowa madzi olekeza m'mawondo mvula itangolimbika, ndipo atapita kukadandaula anauzidwa kuti pamalopo ndi padambo, kuti sipanagawidwepo masitandi (mapuloti) okhala anthu, ndiponso kuti amene anamugulitsa analibe mphamvu yogulitsa ngakhale dothi lodzaza dzanja. Titamufunsa kuti zinatheka bwanji, anayankha mawu amene ndatopa kuwamva: "Akazi anga ndi a konkuno, ndiye ndinkayesa kuti akudziwa."

Akudziwa chiyani, ana anga? Kodi kubadwira ku Murehwa kapena ku Chivhu kumamudziwitsa munthu mapu a khonsolo ya Harare? Inuyo munabadwira ku Dedza, kodi mungaloze mapuloti onse a mu Lilongwe amene ali ndi mapepala enieni? Mukusenzetsa mkazi kapena mwamuna wanu katundu amene sanapemphe, ndipo zinthu zikavuta mumayamba kumuloza chala pamodzi ndi mtundu wake wonse, pamene ulesi wosafuna kufufuza unali wanu.

Mzinda uno uli ndi madambo ambiri, ndipo madzi ake amatsikira mu Mukuvisi ndi Marimba mpaka ku Lake Chivero kumene tonse timamwa. Dambo la Monavale ndi lotetezedwa pa mgwirizano wa mayiko woteteza madambo wotchedwa Ramsar, koma madambo ena akudulidwa masitandi usiku ndi anthu osaopa Mulungu. Nanga munthu wamkulu amakaona bwanji malo mu Ogasiti, kunja kuli gwa, n'kulipira tsiku lomwelo? Pitani mu Januwale kapena mu Febuluwale mvula ili pakati. Ngati simungadikire, yang'anani pansi: dothi lakuda long'aluka ming'alu yolowa chala, mabango omera m'mphepete mwa msewu, njerwa zondandalikidwa kuyambira pageti mpaka pakhomo la oyandikana nawo kuti azipondapo, ndi mzere wa chinyezi umene wasenda penti m'munsi mwa makoma awo. Zonsezi zimaoneka ndi maso, koma inu maso anu amakhala pa foni, pa chithunzi cha nyumba ya matailosi chimene wina wakutumizirani pa WhatsApp.

Kodi mwaiwala, kapena simunauzidwe? Mu 2005, pa Murambatsvina, pamene boma linagwetsa nyumba ndi misika zimene linkati n'zosaloledwa, lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, kapena ntchito zowadyetsa, kapena zonse ziwiri. Eni dziko ambiri anauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo, ndipo ena anali nako kolowera. Anthu athu, ana ndi zidzukulu za amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, analibe mudzi uliwonse muno, ndipo anagona panja m'nyengo yozizira. Mu Disembala 2020 nyumba zinagwetsedwanso ku Budiriro mvula ikugwa, mipando ndi mabulangete zili pamtetete. Boma lenilenilo linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Justice Tendai Uchena kuti ifufuze kagulitsidwe ka malo a boma m'mizinda, ndipo inapereka lipoti lake mu 2019. Zonsezi zachitika pamaso pathu, koma mlendo amene wangotsika basi ku Roadport akupereka madola ake kwa munthu wa jekete amene ofesi yake ndi galimoto. Katapila wogumula nyumba akadzafika, mnzanu wa m'banja ali ndi kwawo kothawira. Inu mudzalowera kuti?

Lisiti ya kopaletivu yogawa masitandi si umwini wa malo. Pepala la mgwirizano wogulitsana limene mwasainirana pa bonati ya galimoto si umwini wa malo. Ku Deeds Office kulipo, kumene munthu amakaona dzina lenileni la mwini malo ndiponso ngati malowo anapinyolitsidwa kubanki. Maofesi a khonsolo oona za mapulani a mzinda alipo ku Cleveland House, pakati pa tauni pomwepa. Maloya olembetsa malo alipo, ndipo ogulitsa nyumba ovomerezeka amalembetsedwa ku Estate Agents Council. Mumati loya ndi wodula. Wodula poyerekeza ndi chiyani? Ndi simenti, malata ndi zitseko zimene zidzasanduke mulu wa zigumu m'mawa umodzi?

Koma chimene chimandiwawa koposa ndi nkhani ya dzina. Ambiri a ife tinakulira m'mwambo wa chikamwini, kumene mwamuna amakamanga kwawo kwa mkazi ndipo palibe amene amadabwa. Ndiye mnyamata amafika kuno ndi mtima womwewo, apongozi n'kumuuza mokoma kuti kuseri kwa nyumba yawo ku Highfield kapena ku Glen Norah kuli malo, amangepo zipinda zitatu m'malo motaya ndalama pa lendi. Iye amasangalala n'kuyamba kugula njerwa. Kuno si kwa Kachindamoto, mwana wanga. Nyumba imatsata mwini malo, ndipo malowo ndi a apongozi. Tsiku limene akuluwo adzatsamire mkono, alamu ako onse adzakhala pansi kugawana chuma cha bambo awo, ndipo zipinda zako zitatu zidzawerengedwa pamodzi ndi zina zonse. Udzatulutsa chiyani? Malisiti a simenti?

Nanunso atsikana athu amene mwakwatiwa ndi amuna a kuno, musaganize kuti izi sizikukukhudzani. Mumatumiza malipiro anu mwezi ndi mwezi kuti amalize nyumba imene ili m'dzina la achimwene a amuna anu, chifukwa akuti iwo ndi amene anali pa mndandanda wa khonsolo wa oyembekezera malo. Lamulo la dziko lino limateteza mkazi wamasiye pa nyumba imene inali ya mwamuna wake, osati pa nyumba ya mlamu. Ndiponso ukwati muno suphatikiza chuma pawokha: chimene chalembedwa m'dzina la mmodzi chimayamba chaonedwa kuti ndi cha iyeyo, ndipo winayo amakachita kulimbana nacho kukhoti. N'chifukwa chiyani mumachita manyazi kunena kuti mayina onse awiri alembedwe? N'chifukwa chiyani mumakhutira ndi malowolo okha osakalembetsa ukwati, pamene lamulo latsopano la maukwati linatuluka mu 2022 ndipo khoti la majisitireti silili kutali? Mwamuna kapena mkazi amene amakukondanidi sangakwiye ndi pempho limeneli, ndipo amene angakwiye wakuuzani zambiri.

Tsono madzi. Munthu amalowa m'nyumba ya lendi, kuyamikira denga ndi makabati, osatsegula mpopi ngakhale umodzi, osafunsa kuti madzi a khonsolo amabwera masiku angati, osaona kuti chitsime chakumbidwa mapazi angati kuchokera pa dzenje la chimbudzi. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo Budiriro inali pakati pa mliriwo. Mu 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Ku Mabvuku ndi ku Tafara kuli misewu imene mipopi yake yakhala youma kwa zaka. Kodi ana anu mudzawamwetsa matailosi? Ndipo inu ofuna kuonekera, amene mumathamangira ku Borrowdale kapena ku Mount Pleasant kuti a kumudzi amve dzina lokoma, dziwani kuti kumenekonso zitsime zimaphwa chilimwe chikafika pachimake, ndipo madzi amagulidwa pa thanki ndi madola a ku America, magetsi akathima pampu n'kuima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lendi ikudya theka la malipiro, mkazi akukwera makombi awiri kuti akaone amayi ake ku Chitungwiza, ndipo inu mukuti mwakweza banja.

Za otumiza dipoziti pa foni kwa munthu wa pa Facebook amene sanamuonepo, wa nyumba imene sanalowemo, sindinena zambiri, chifukwa ngakhale mwana wa sukulu sangachite zimenezo.

Ku Mbare, ku Mufakose, ku Rugare, ku Dzivaresekwa ndi ku Epworth kuli nkhalamba zathu zimene makolo awo anafika kuno nthawi ya Chitaganya kapena kale kuposa apo. Anthu amenewa anayenda ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anawabwezera unzika. Amadziwa msewu umene umasefukira, sitandi imene yagulitsidwapo kwa anthu atatu, ndi dera limene maliro akakugwera usiku anzako a bungwe la maliro angafike msanga. Mumawadutsa pakhomo la tchalitchi ngati simukuwaona, chifukwa inu munabwera ndi digiri ndipo iwo amasakaniza Chichewa ndi Chishona polankhula. Amene akuona kuti kukhala pansi ndi nkhalamba ya ku Mufakose n'kudzitsitsa, apite akasaine, koma asadzayerekeze kunena kuti sanauzidwe.