Lekani kupaka Colgate pa mwana wopsa

Ndikulankhula ndi inu makolo a ku Kapata, Mchini, Navutika mpaka kumidzi ya ku Katete ndi Chadiza. Ana amene mumatha kuwerenga, muwerengere anzanu. Kwazizira, mbaula zalowa m'nyumba, ndipo ana ayambanso kupsa monga zimakhalira mu June ndi July. Kupsako ndi ngozi, sindikuimba mlandu munthu. Chimene chikundinyansa ndi zimene mumachita mwana akangopsa.

Mwana wagwera m'phala, akulira. Wina athamangira Colgate, wina aswa dzira, wina abwera ndi mafuta ophikira, agogo nawo akuti tapani ndowe kukhola. Kodi mwanayo wasanduka ndiwo? Ndani anakuuzani kuti mankhwala otsukira mano ndi a moto? Zopakazi zimatsekera kutentha m'khungu, mnofu n'kumapsabe mkati. Ndowe ndi dothi ndiye zoopsa koposa, chifukwa m'menemo mumakhala tizilombo ta kafumbata, matenda oumitsa nsagwada ndi msana, amene amapha. Mukafika naye kuchipatala, anamwino ayenera kuyamba achotsa zonse munamatazo pachilonda chachiwisi. Amene amamva ululu wake ndi mwana, inu muli chilili pakhomo.

Ana inu, mverani ine agogo anu. Ukapsa, kapena mng'ono wako akapsa, mankhwala oyamba ndi madzi. Madzi ozizira bwino, aukhondo, a pampopi kapena a mumtsuko. Thira pamalo opsawo kwa mphindi 20, osati kungonyowetsa n'kuthawa. Madzi oundana a mufiriji ayi, amawononga khungu. Ngati pali mphete kapena chibangili, vula msanga dzanja lisanatupe, koma chovala chikamatirira pakhungu usachikoke. Matuza akatuluka usaboole ndi minga kapena singano. Khungu limenelo ndi chotchinga chako. Phimba ndi nsalu yochapa bwino, uitane wamkulu. Ngati papsa pamaso, m'manja, kumaliseche, kapena malo aakulu kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena wopsayo ndi khanda, palibe zokambirana, ulendo wa kukiliniki kapena ku Chipata Central Hospital.

Za mabala ndi chimodzimodzi. Wadzitema ndi chikwanje, waponda botolo, wasupuka pabondo posewera mpira, kapena chidendene chalowa m'masipoko a njinga (ndipo inu akabaza a m'tauni muno, muziona kumene kuli mapazi a mwana musanapalase): tsuka m'manja, tsuka bala ndi madzi aukhondo mpaka mchenga utuluke, sopo azungulire m'mbali. Magazi akamatuluka, kanikiza ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, ndipo kweza dzanja kapena mwendowo m'mwamba. Osathira dothi. Osatafunira masamba. Ndipo abambo a m'magalaji, mafuta a mabuleki ndi madzi a batire ndi za galimoto, zichokereni pa ana. Magazi akakana kuleka, bala likakhala lakuya kapena la msomali wadzimbiri, pitani kukiliniki, khadi la kusikelo lili m'manja, kuti aone ngati katemera wa kafumbata anakwanira.

Kamfuno naye mumamulakwira. Mumagoneka mwana chagada, magazi n'kumatsikira kukhosi mpaka asanze. Akhale pansi, aweramire kutsogolo, atsine pofewa pa mphuno kwa mphindi 10, azipumira kukamwa.

Tsopano nkhani imene ndikufuna makolo mumve ndi makutu onse awiri. Mwana akabwera ndi bala, chinthu choyamba chimene amalandira kwa ena a inu ndi mbama. "Ndinakuuza ine! Ukachitenso!" Ndiye mawa akaponda msomali amabisa. Amavala nsapato, amayenda motsimphina mobisa, mpaka phazi litupe, mafinya atuluke, thupi litenthe. Mwaphunzitsa mwana kuopa inu kuposa chilonda. Yambani mwasamala balalo, ulangizi ubwere atadya nsima.

Kubisa kumeneku kumafika pachimake galu akaluma. Mwana amadziwa kuti anamugenda galuyo, ndiye amangoti zii. Ana anga, ngakhale unamuputa ndiwe, ngakhale wangokukanda pang'ono, nena tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonekera m'thupi sichichiritsika, koma jekeseni wolandira msanga amachiletsa. Bala la galu litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kukiliniki dzuwa lisanalowe. Zowaula ubweya wa galuyo n'kupaka pabala zilekeke. Ndipo inu eni agalu, musamabise galu wanu akaluma mwana wa mnzanu: nenani ngati anabayidwa katemera, ndipo mumumange kuti aziwoneredwa kwa masiku 10.