Madzi amvula mu Blantyre muno tawatsekera tokha njira

Dzulo ndadutsa pa kalavati wa kumunsi kwathu kuja ndasuzumira, abale inu mulibe ngakhale kampata koti khoswe adutse. Mwadzadza mchenga, majumbo, mabotolo a zakumwa, mapampasi, mpaka chimatilesi chakutha wina anakaponyamo. Apa nkuti chizimalupsa chagwa kale, mvula yeniyeni ili pakhomo. Ndiye ikadzagwa madzi nkulowa m'nyumba za anthu tidzayamba kulemba pa Facebook kuti kusintha kwa nyengo kwatipweteka.

Kusintha kwa nyengo kulipo, sindikukana. Anamondwe aja, Idai mu 2019, Ana mu January 2022, kenako Freddy mu March 2023 amene anagumula phiri la Soche matope ndi miyala nkukwirira anthu ku Chilobwe, palibe ngalande imene ikanaimitsa zimene zija, amene uja anali napolo weniweni ngati wa ku Phalombe wa 1991 amene makolo amatiuza. Koma ine ndikunena za mvula wamba iyi, ya ola limodzi masana, yomwe kale inkangodutsa ife tikusewera m'matope, lero ikumasiya mipando ikuyandama pabalaza. Imeneyi tisamanamizire namondwe.

Tawerengetsani nokha. Mvula ya 1 mm ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi ndiye lita imodzi ya madzi. Nyumba ya malata ya masikweya mita 100, mvula ya 50 mm, ndi malita 5,000 amenewo, madiramu 25 a malita 200, denga limodzi lokha. Kale madzi amenewa ankagwera pa kapinga, pansi pa mango, nkulowa m'nthaka pang'onopang'ono. Pano aliyense akapeza kandalama amamanga fensi ya njerwa, pabwalo ponse nkuthira simenti kuti galimoto isaponde matope, kenako nkuboola kabowo pansi pa fensi kuika paipi yolozera kumsewu. Basi iyeyo zake zatha. Madzi aja akumane ndi a neba, akumane ndi a tchalitchi, a sukulu, onse ulendo kutsetsereka, ndipo Blantyre ndi mzinda wa zitunda, madzi sayenda mwaulemu ayi amachita kuthamanga. Wokhala kumunsi ndi amene amalipira, ndipo nthawi zambiri ndi wa lendi, nyumba ya zidina, amene sanathireko simenti ngakhale thumba limodzi.

Ine ndinazionera pafupi chaka chatha. Mayi ena oyandikana nafe, timangowatchula kuti anakubala, anadzuka 2 koloko usiku madzi ali m'mawondo, ufa thumba lonse laphala, makope a zidzukulu ali nyowee. Tinakathandiza kukapa ndi mabeseni mpaka kucha. M'mawa mwake anagula matumba akale a feteleza nkudzadza mchenga kuyala pakhomo. Ndinawafunsa kuti amayi bwanji osasamuka, anangondiyang'ana nkunena kuti mwananga ndipite kuti, lendi ya kumtunda uindilipilira ndiwe? Ndinasowa choyankha.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi khalidwe lija loti mvula ikangoyamba anthu amatuluka ndi zidebe za zinyalala kukakhuthulira mu dreni ati madzi apita nazo. Apita nazo kuti? Zikakodwa pa kalavati woyamba, madzi abwerera m'mbuyo, adumphira mumsewu, akumba phula, mawa tikudandaula maenje. Zotsalazo zikathera mu Mudi, mu Nasolo, mu Naperi, pitani mukaone mitsinje imeneyi mvula ikakata, m'mitengo ya m'mbali muli majumbo lendelende ngati wina wayanika zovala. Mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, koma pamsika tomato wa 500 akukupatsirabe mu jumbo. Komanso tinene chilungamo, anthu ambiri alibe kokataya zinyalala, m'makwalala ambiri galimoto yotenga zinyalala sifikako, ndiye kungowanyoza osawapatsa kotaya ndi kutaya nthawi.

Ndiye kumtunda nako. Phiri la Ndirande achikulire amati kunali nkhalango, lero ndi chipala, chimanga chikulimidwa mpaka pamwamba. Mtengo umagwira dothi, udzu umachedwetsa madzi, zikachoka dothi lonse limatsikira mu ngalande zomwe zija, nchifukwa chake ngakhale mutakolopa dreni lero sabata yamawa mwadzadzanso mchenga. Onjezani okumba mchenga ndi oumba njerwa m'mphepete mwa mitsinje, gombe likungogumuka chaka ndi chaka.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda uno, koma ngalande zambiri ndi zomwe zija zakalekale, zina mpaka anamangapo ma shopu pamwamba. Ndipo maploti a m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje sadzigulitsa okha, alipo amene amalandira ndalama nkusainira. Dambo ndi mosungira madzi, ukamangapo nyumba madziwo adzabwerabe kudzagona pamalo pawo.

Maganizo anga ndi oti ntchito yochotsa zinyalala mu ngalande izichitika September ndi October, osati January madzi atalowa kale m'nyumba anthu nkumabwera ndi makamera ndi mabulangete. Amene akumanga nyumba yaikulu asamaloledwe kuthira simenti bwalo lonse, asiyeko kapinga, akumbe dzenje lomwetsa madzi kapena aike thanki, madzi omwewo adzachapira mipope ikauma. M'mbali mwa mitsinje tibzale nsungwi ndi udzu wa vetiva. Zimenezi sizofuna ma biliyoni a ma donor ayi.

Ife kwathu tagwirizana ndi amfumu kuti Loweruka 6 koloko tikafukule kalavati uja. Mafosholo alipo anayi, wilibala imodzi tayala lake ndi lophwa, amene ali ndi pampu abwere nayo chonde.