Maola awiri ndi theka kuchokera ku Joni

Abale anga a ku Joni, ndiloleni nditulutse zomwe zakhala zikundidya mumtima chiikireni mayi athu aang'ono.

Adokotala anatiuza Lachiwiri madzulo kuti tiitane ana. Mwana wawo woyamba, achimwene athu, amagwira ntchito ku Johannesburg. Anapeza mpando m'basi ya Lachitatu m'mawa pa Park Station. Usiku wa tsiku lomwelo anauthera pamzere pa Beitbridge, katundu yense atatsitsidwa pansi. Lachinayi anadutsa Harare, kenako Nyamapanda. Mayi anatisiya madzulo ake, basi itangowoloka Zambezi pa Tete. Woimba foni ndinali ine. Mbali inayo ndinkangomva kulira kwa injini ndi mwana wa munthu wina akupempha madzi. Achimwene anakhala chete nthawi yaitali, kenako n'kufunsa kuti, "Anandifunsa?"

Anawafunsa, kawiri konse.

Kuchokera pa bwalo la ndege la OR Tambo kufika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndipo ndege imauluka maola awiri ndi theka basi. Muwonjezepo maola atatu ofika msanga pabwalo, kudinditsa pasipoti, kudikira chikwama, ndi makilomita ngati 25 olowera m'tauni ya Lilongwe. Zonsezo sizikwana maola asanu ndi atatu. Akanadzuka ku Joni Lachitatu, dzuwa lisanalowe akanakhala atawagwira mayi dzanja.

Pamsewu ndi makilomita opitirira 1,800. Mtunda wakewo sunasiyane kwambiri, chomwe chimadya nthawi ndi zipata zitatu: Beitbridge, Nyamapanda ndi Dedza. Pa chilichonse basi yonse imadikira munthu womaliza.

Ndikudziwa zomwe muyankhe. Tikiti ya ndege ndi yodula, ndipo yogula lero kuti unyamuke mawa ndiye imaluma zedi. Ndege siyikunyamulira firiji, mabulangete ndi zigubu za mafuta ophikira. Chikwama chikangopitirira makilogalamu ololedwa ayamba kukulipiritsa. Enanso masiku anawathera kale m'pasipoti, pabwalo la ndege sangayerekeze kufikapo. Zonsezi ndi zoona, ndipo pa ulendo wa Khirisimasi inenso ndingakwere basi mosanyinyirika.

Koma matenda akafika poti "itanani ana" si nthawi yonyamula firiji.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi. M'magulu athu a pa WhatsApp timagwirana manja modabwitsa mnzathu akamwalira ku Joni. Ndalama zimasonkhedwa usiku umodzi, bokosi ligulidwa, galimoto ipezeka, thupi lifika kumudzi. Nanga bwanji wamoyo amene mayi ake ali kayakaya sitimusonkhera tikiti? Thumba lomwelo litakhala ndi gawo laulendo wadzidzidzi, munthu n'kumabweza pang'onopang'ono akabwerera kuntchito, ambiri akanatsanzikana ndi makolo awo maso ndi maso. Atsogoleri a magulu, ikani nkhaniyi pa msonkhano wanu wotsatira. Ndipo amene mapepala anu ali bwino, funsani mtengo wa tikiti lero, mudziwiretu, musadikire foni ya pakati pa usiku.

Achimwene anafika Lachisanu m'mawa, anthu atayamba kale kusonkhana pa siwa. M'chikwama mwawo munali juzi yaubweya yomwe anawagulira mayi poti ankadandaula kuzizira kwa mu wodi. Ikadali m'pepala lake mpaka lero.