Nthenga zoyera zikapsa sizibwerera

Alembi, apo mwanena kuti chithunzi chilichonse chimakonzeka pa Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, ine ndakana. Tajambulani kakowa dzuwa lili paliwombo muone. Kamera imayeza kuwala potengera tchire lakuda la kumbuyo, ndiye nthenga zimangoti mbee, timizere take tonse kufufutika. Zikatero, ngakhale mujambule mu RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera yajambula, palibe chobweza. Ine ndimatsitsa exposure, kuchuluka kwa kuwala kolowa m'kamera, kufika pa -1, diso lili pa histogram, girafu yosonyeza kuwala kwa chithunzi, kuti isagunde kumanja, mbali yowala kwambiri. Koma mbalame ikakhala m'mwamba, kumbuyo kuli mitambo yowala, ndimakweza, apo ayi imatuluka bii. Mbali zamthunzi ndizo zimalola kuwalitsa pa kompyuta, komabe pang'onopang'ono, chifukwa noise, timadontho toipitsa chithunzi, imachuluka msanga. Anzanga ongoyamba kumene, musaope kukweza ISO, yomwe imathandiza kamera kujambula ndi kuwala kochepa, chifukwa mbalame youluka imafuna kuijambula mwachangu, pa 1/2000 ya sekondi.