Hatchi yangoswa, inu mukukalowa m'khola ndi foni?

Ndamva za mnyamata wina wogwira ntchito pafamu amene anathyoka nthiti sabata yathayi. Hatchi itangoswa usiku, iye m'mawa walowa m'khola, waima pakati pa mayi ndi mwana kuti ajambule chithunzi. Theche limodzi lokha. Ndiye akuti mwini wake anatenga chikwapu n'kuyikwapula kuti yayamba nkhanza. Nkhanza zake ziti? Abale inu, nzeru zinapita kuti?

Hatchi yofatsa imene ana ankakwera dzulo, ikaswa si ija mumayidziwa. Ikagonetsa makutu kumbuyo, ikakutembenukirani ndi matako, ikamazungulira mwana wake, ndiye kuti yakuchenjezani kale. Mukufuna ichite kukulemberani kalata? Agalu, ana a sukulu, hatchi zinzake, zonsezo kutali kwa masiku angapo oyamba. Polowa mulowe awiri: wina agwire chingwe cha kumutu, mayi akumuona mwana wake, kenako ndiye winayo atsuke mchombo ndi mankhwala ophera tizilombo a chlorhexidine osungunula. Kumutengera mwana kuseri kumene mayi sakumuona ndi kuputa dala ngozi.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mumathamangira kunena kuti "khalidwe lasintha" pamene nyamayo ikufa. Mwana ayenera kuimirira pasanathe ola 1, kuyamwa pasanathe maola 2, ndipo nsengwa igwe pasanathe maola 3. Munayang'ana wotchi? Nsengwa ikamalendewera, imangeni mfundo ndi kachingwe kuti mayi asayiponde, n'kuitana dokotala wa ziweto. Osakoka! Mukakoka imaduka, kachidutswa n'kutsalira m'chiberekero n'kuola, thupi n'kutentha kupitirira madigiri 38.5, ndipo poizoni wake amakathera ku ziboda, hatchi n'kulumala. Nsengwayo ikagwa yokha, isungeni mu ndowa kuti dokotala aone ngati nsonga zake zonse ziwiri zatuluka. Inu mukuponyera agalu?

Kupweteka pang'ono m'mimba chiberekero chikamabwerera kumachitika. Koma hatchi yopalasa pansi osaleka, yogubuduka, thukuta lili kamukamu, nkhama zayera mbee, imeneyo mwina mtsempha waphulika m'kati kapena matumbo apotana, makamaka ngati ndi yokalamba. Musayithamangitse, musayimwetse zitsamba. Imbani foni.

Nanga yoswa koyamba ikamathawa mwana kapena kumuluma? Kawirikawiri bere lalimba ndipo likuwawa. Igwireni modekha, thowani berelo ndi nsalu yofunda, kamani pang'ono, musendezeni mwanayo. Mkaka woyamba wachikasu uja ndi umene uli ndi chitetezo, ndipo matumbo a mwana amaulandira bwino m'maola 12 oyamba. Pakatha maola 24 khomo latsekeka. Inu mwagona, mukuti ayamwa mawa. Mawa lake liti?

Pakati pa tsiku la 7 ndi la 12 mayi amayambanso kufuna yamphongo, amatekeseka, ndipo mwana amatsegula m'mimba pang'ono masiku omwewo. Zimenezo si ufiti. Koma mwana akasiya kuyamwa kapena akafooka, musadikire.

Madzi nawonso: hatchi yoyamwitsa imatha malita 50 kapena kuposa patsiku, inu mwayiikira kandowa kamodzi dzuwa lili phwee, n'kumadabwa kuti mkaka wachepa ndipo yakwiya.

Chikwapu chija kachiponyeni pamoto, foniyo muimbire dokotala.