Amalume Akudikira Galimoto ya Pakati Pausiku

AMALUME: Mphwanga, filimu imeneyi ati dzina lake n'chiyani? Ndikufuna ndilembe penapake.

MPHWAWO: Midnight in Paris, amalume. Ya Woody Allen, inatuluka mu 2011.

AMALUME: Ehee! Munthu wanzeru ameneyo. Wanena zimene ndakhala ndikukuuzani ananu, kuti kale zinthu zinali bwino. Mnyamata uja Gil wangokhala pa masitepe a tchalitchi, belu ngo! ngo! 12 koloko usiku, galimoto yakale yafika, yamutenga mpaka m'zaka za m'ma 1920. Alipo amene sanaikonde filimuyi? Ndimudziwe dzina.

MPHWAWO: Ambiri anaikonda. Ndiyo inatsegulira chikondwerero cha mafilimu ku Cannes chaka chimenecho. Anaipanga ndi madola pafupifupi 17 miliyoni, inabweretsa oposa 150 miliyoni.

AMALUME: Ndalama sizinama.

MPHWAWO: Mu 2012 Woody Allen anapata mphoto ya Oscar chifukwa cholemba bwino nkhaniyi, koma kumwamboko sanapiteko.

AMALUME: Akanapita bwanji? Mwambo wa usiku, galimoto ija ikanamusiya.

MPHWAWO: Komabe olemba ndemanga za mafilimu ena anali ndi madandaulo.

AMALUME: Nsanje.

MPHWAWO: Simunamve n'komwe madandaulowo.

AMALUME: Nena, koma ndi nsanje.

MPHWAWO: Akuti Paris wa mufilimuyi ndi wa pa positikhadi. Mphindi zitatu zoyambirira ndi zithunzi zokhazokha za mzinda, palibe wolankhula. Misewu yoyera, mvula yokongola, palibe wotopa, palibe wothamangira ntchito.

AMALUME: Nanga amafuna awaonetse zinyalala? Munthu ukamajambulitsa chithunzi umavala malaya ong'ambika?

MPHWAWO: Chabwino. Ena akuti Inez, chibwenzi cha Gil, anamupanga dala kukhala wovuta, wokonda ndalama, wonyoza, n'cholinga choti ife oonera tisamve chisoni Gil akamazemba usiku kupita kwa Adriana, mkazi amene anakumana naye m'zaka za m'ma 1920 zija.

AMALUME: Sankazemba. Ankapita kukafufuza za buku lake.

MPHWAWO: Amalume, munthu uja anatenga ndolo za Inez, n'kuzikulunga bwinobwino ngati mphatso kuti akapatse mkazi wina. Inez atazisowa anayamba kunamizira wantchito wa pahotela kuti waba. Gil ali chiimire, kabokosi kali m'manja, thukuta kamukamu.

AMALUME: Anangobwereka.

MPHWAWO: Kubwereka kokapereka kwa mkazi wina?

AMALUME: Iwe, taganiza bwino. Adriana ali mu 1920 chakuti. Nthawi imeneyo Inez anali atabadwa?

MPHWAWO: Ayi.

AMALUME: Mayi ake anali atabadwa?

MPHWAWO: Ayi, koma...

AMALUME: Ndiye wamulakwira ndani? Ungamuyende njomba munthu woti sanabadwe? Mlandu umenewu palibe khoti lingauzenge.

MPHWAWO: Mawu amenewa ndikawauza azakhali.

AMALUME: Tikukamba za filimu pano, usasakanize nkhani. Dandaulo lina?

MPHWAWO: Akuti anthu otchuka aja anawasandutsa zidole. Wolemba mabuku Ernest Hemingway akangotsegula pakamwa ndi za kulimba mtima, nkhondo ndi nkhonya basi. Wojambula zithunzi Salvador Dalí ndiye chipembere, chipembere, mpaka kutuluka.

AMALUME: Amene uja wa ndevu zopindikira m'mwamba? Anandiseketsa kwabasi.

MPHWAWO: Ndinakuonani. Munasekanso kwambiri Hemingway atangotchula dzina lake, asananene chilichonse choseketsa.

AMALUME: Ndimamudziwa.

MPHWAWO: Munawerengapo buku lake liti?

AMALUME: Lija la chikuto cholimba.

MPHWAWO: Ndi zimenezo. Filimuyi imakomera oonera chifukwa imawapangitsa kudziona ngati ophunzira. Atchula Picasso, wagwedeza mutu. Atchula Gertrude Stein, wagwedezanso, ngakhale sukudziwa ngati anali wolemba kapena wosoka zovala.

AMALUME: Ine anthu odzionetsa kuti amadziwa zonse sindigwirizana nawo. Ngati Paul uja, mnzake wa Inez wandevu uja. Kutsutsana ndi mayi woonetsa alendo malo za mkazi wa Rodin, wosema ziboliboli uja, pamaso pa anthu! Mayi wophunzira ntchito yake!

MPHWAWO: Amene anasewera mayi ameneyo ndi Carla Bruni. Nthawi imeneyo mwamuna wake, Nicolas Sarkozy, anali pulezidenti wa France.

AMALUME: Ndimadziwa zimenezo.

MPHWAWO: Mumadziwa?

AMALUME: Ndimafuna ndione ngati iwe ukudziwa.

MPHWAWO: Chabwino a Paul. Ndiye tandiuzeni, pamene Gil ndi Adriana anakwera ngolo ya mahatchi paja, munapamva bwanji?

AMALUME: Ngolo ya mahatchi? Mufilimu momwemu?

MPHWAWO: Momwemu. Chakumapeto.

AMALUME: Aa, paja. Ndinali ndikupumitsa maso.

MPHWAWO: Munkaliza mkonono, amalume. Ndinachita kukweza voliyumu. Pamenepo ndiye pali mutu wa nkhani yonse. Adriana, amene akukhala m'zaka zimene Gil akuzilirira, akuti nthawi yakeyo ndi yotopetsa, yabwino inali ya m'ma 1890. Afika kumeneko, ku malo azisangalalo a Moulin Rouge, apeza ojambula zithunzi Gauguin ndi Degas akudandaula kuti m'badwo wawo ndi wopanda nzeru, bola akanabadwa nthawi ya Renaissance, ya a Michelangelo.

AMALUME: Ndiye kuti onsewo akuvomereza kuti kale kunali bwino. Mboni zitatu.

MPHWAWO: Ayi! Akutanthauza kuti aliyense amalirira nthawi imene sanakhalemo. Filimuyi ikuseka anthu ngati inu.

AMALUME: Ikuseka ine? Filimu imene ndaikonda chonchi?

MPHWAWO: Gil mwiniwake anakana kutsalira. Anakumbukira kuti kumeneko kulibe mankhwala opha tizilombo m'thupi, ndipo dokotala wa mano alibe jekeseni wochititsa dzanzi. Penisilini anamutulukira mu 1928, koma anthu wamba anayamba kumupeza m'ma 1940. Dzino lanu lija munazulitsa mukulira, jekeseni atakubayani kale. Kumeneko mukanatani?

AMALUME: Sindinalire. Nyali ya dokotala inkandithobwa m'maso.

MPHWAWO: Nanga mapiritsi anu a BP?

AMALUME: Ndinyamula m'thumba.

MPHWAWO: A zaka zingati?

AMALUME: Ndizibwera kudzatenga. Gil ankabwerera m'mawa uliwonse, ine ndingalephere chiyani? Masana kuno, kumwa mankhwala, kutchaja foni, usiku kubwerera kwa anzanga a Hemingway.

MPHWAWO: Galimoto imafika 12 koloko usiku. Inu 8 koloko mumakhala mutagona kale, rimoti ili pamimba.

AMALUME: Madalaivala akale anali aulemu. Akhoza kundidzutsa.

MPHWAWO: Ndiye ndemanga yanu ndi yotani? Nyenyezi zingati pa zisanu?

AMALUME: Zisanu ndi imodzi. Ndichotsepo imodzi chifukwa cha mbali ija ya mahatchi, anaiika pa nthawi yolakwika. Koma ndikuuze mphwanga, mafilimu a masiku ano sangafike apa. Phokoso lokhalokha, magalimoto kuphulika. Mafilimu anali a mu 2011.

MPHWAWO: Amayi amati mu 2011 munkanena kuti mafilimu enieni anathera m'ma 1980.

AMALUME: Mlongo wanga amakonda kusunga zinthu zosafunika. Tandiuza, galimoto ija ukamuuza bwinobwino dalaivala, sangakutsitse mu 2011?